"Ndinakulira ku Nkhotakota" si mankhwala a malungo

Nyengo yozizira ikamayandikira, ku kiliniki ya apaulendo komwe ndimagwira ntchito kuno ku Joni kumabwera mabanja amene akukonzekera kukakhala miyezi ingapo pa boti la matanga. Botilo limakhala likuwadikira ku Richards Bay kapena ku Durban, ulendo wolowera kumpoto: Inhaca, Bazaruto, ena mpaka ku Nosy Be ku Madagascar. Amasankha nyengoyi pothawa anamondwe amene amavuta kuyambira Novembala mpaka Epulo. Za Freddy wa 2023 sindichita kukukumbutsani. Abwana, adona ndi ana amalowa m'chipinda mwanga. Wotsalira pabenchi panja, chikwama cha matewera chili pamiyendo, nthawi zambiri amakhala wakwathu, mayi wolera ana amene akupita nawo limodzi.

Ndikatuluka n'kumupatsa moni m'Chichewa, yankho ndimalidziwiratu. "Aa, anesi, ine ndinakulira ku Nkhotakota. Malungo ndi ine timadziwana. Thandizani anawa."

Mawu amenewa andikwana. Inde, munthu wokulira kunyanja amakhala ndi chitetezo m'thupi, chifukwa udzudzu umamuluma mwezi ndi mwezi ndipo thupi limakhala tcheru. Koma chitetezocho chimafuna kukumbutsidwa. Joni ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, udzudzu wofalitsa malungo sukhazikika kuno. Pakapita chaka chimodzi kapena ziwiri osalumidwa, chitetezo chija chayamba kale kuzilala. Inu amene mwatchona zaka khumi, mukapita kumudzi pa Khirisimasi yokha, magazi anu sakusiyana kwenikweni ndi a mwana wa abwana amene mukumunyamulayo.

Ena amati pakati pa nyanja kulibe udzudzu. Zoona. Koma banja silikhala pakati pa nyanja miyezi inayi. Masiku ambiri boti limakhala litaponya nangula pafupi ndi gombe, malo abata, mitengo ya m'madzi ili poteropo, kuti ana asambire ndi kuchita sukulu yawo patebulo lam'kati. Usiku m'tizipinda mumatentha ngati mu uvuni, ndiye aliyense amatsegula timazenera tapadenga kuti mphepo ilowe. Wolera ana amagona kachipinda kakutsogolo kapena pampando wapabalaza, pomwe neti ilibe pomangirira. Madzulo, nthawi imene udzudzu wa Anopheles umayamba ntchito, iye amakhala panja kumbuyo kwa boti akutsuka mbale ndi madzi amchere, poti madzi akumwa amachita kuyeza.

Pali mayi mmodzi amene mpaka pano samandichoka m'mutu. Anali atagwira ntchito pabanja limodzi zaka 11, ndipo ana a m'nyumbamo ankamukonda kuposa agogo awo. Tsiku limene anabwera ndinamuchonderera, iye n'kuseka, n'kundionetsa paketi ya LA, mapiritsi ochiza malungo, imene m'bale wake anamubweretsera pa basi ku Park Station. Abwana anati, "Iyeyu ndi wa ku Malawi, akudziwa." Mzere unali wautali, ndinawalola apite. Pamenepo ndi pamene ndimadziimba mlandu.

Malungo anamugwira atangonyamuka ku Bazaruto kubwerera kum'mwera. Tsiku loyamba mutu ndi kusanza, onse anati ndi mafunde, pajatu pa boti kusanza si nkhani. Iyenso sanafune kuoneka waulesi, anamwa Panado n'kupitiriza kuphika pa chitofu chogwedezeka chija. Tsiku lachiwiri anatulutsa LA wake, amene anali atatha mphamvu kalekale ndiponso atakhala m'chikwama chotentha miyezi yonseyo. Anamwa, n'kusanza, osamwanso. Tsiku lachitatu mwana wazaka zisanu ndi ziwiri ndi amene anakauza amayi ake kuti anti akulankhula zosamveka ndipo mkodzo wawo m'chimbudzi ukuoneka ngati tiyi wopanda mkaka. Apo n'kuti mphepo ikuwomba kuchokera kum'mwera, boti likukwawa, doko lili kutali. Pa msewu mukanaimitsa galimoto. Panyanja mumadikira mphepo. Anafika naye kuchipatala impso zitaleka kugwira ntchito. Moyo anapulumuka, koma anakhala milungu ingapo pa makina osefa magazi, ndipo ntchito ija sanaibwererenso.

Ana aja sanadwale n'komwe. Ankamwa mapiritsi awo m'mawa uliwonse, ndipo amene ankawamwetsa anali mayi yemweyo.

Mankhwala oteteza alipo ndipo savuta. Atovaquone-proguanil mumayamba tsiku limodzi kapena awiri musanafike kumalo a malungo, n'kumamwa tsiku lililonse, n'kupitiriza masiku 7 mutachokako. Doxycycline ndi wotsika mtengo koma mumapitiriza milungu inayi mutabwerera, sapatsidwa kwa amayi oyembekezera kapena ana osakwana zaka 8, ndipo amachititsa khungu kupsa msanga ndi dzuwa, zimene pa boti si zazing'ono. Amene akulipira mafuta ndi chakudya cha ulendo wonse sangalephere kukulipirirani mapiritsi. Funsani, musachite manyazi. Onetsetsaninso kuti m'bokosi la mankhwala muli tizipangizo toyezera malungo pachala, tosungidwa pozizira, ndi mankhwala atsopano okwanira munthu wamkulu aliyense, inu muli m'gulumo. LA amamwedwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu, pamodzi ndi mkaka kapena chakudya cha mafuta. Amene akusanza zonse, kapena wayamba kubwebweta, kapena maso achita chikasu, mapiritsi samuthandizanso. Akufunika jakisoni wa artesunate kuchipatala, ndipo boti litembenukire ku doko lapafupi ola lomwelo.

Zina zimene ndimazipeza m'zikwama zimandiimitsa mutu. Chloroquine, amene dziko la Malawi linamusiya mu 1993. Fansidar, amene analowedwa m'malo ndi LA mu 2007. Ndiye pali mabotolo opanda dzina a asing'anga a m'timapepala tomata pamakoma m'tauni muno, aja olonjeza kubweza mwamuna wothawa ndi kuchiza matenda onse m'botolo limodzi. Wina anandiuza kuti botolo lake "limatseka magazi" kuti udzudzu ukaluma usasiye kanthu. Analipira ndalama zoposa mtengo wa doxycycline wa mwezi wathunthu.

Mukabwerako nkhani sinathe. Malungo samaonekera masiku 7 asanakwane chilumidwireni, ndipo angathe kudikira mwezi kapena kupitirira. Thupi likatentha muli kale ku Randburg kapena ku Tembisa, musati ndi chimfine cha Joni. Pitani tsiku lomwelo, ndipo musanakhale pansi muuzeni dokotala kuti munali ku Mozambique, chifukwa kuno ambiri saganizira malungo mukapanda kuwauza. Akayeza n'kupeza kuti mulibe koma thupi likupitiriza kutentha, bwererani mawa lake akayezenso.