Zimbale ziwiri za BLK JKS ndi mkangano wa gitala ku Joni

Pakati pa Amalawi okonda nyimbo kuno ku Joni pali kamkangano kena kosatha, ngakhale amene amakakoka ndi owerengeka. Kamakhudza gulu loimba rock la anyamata akuda a kuno la BLK JKS, limene potchula amati Black Jacks, ndi zimbale zake ziwiri: After Robots cha 2009 ndi Abantu / Before Humans cha 2021. Ena amati chachiwirichi n'chozizira, moto wa anyamata aja unazima pamene woimba wawo wamkulu anachoka. Ena amati ayi, m'chimbale chachiwirimu ndi mmene gululi linafikira pakhomo. Ndiye pali abale athu ochuluka kuposa onsewa, amene ukangowatsegulira nyimbo imodzi amakugwira mkono n'kunena kuti, "Achimwene, izi ndi za azungu, tatiikireni Lucius Banda kapena Black Missionaries."

Ine ndimaona kuti okangana za zimbalewo sangamvane asanayankhe abale omalizawa. Maganizo akuti gitala yolira mokalipa ndi ya mzungu sanagwe kumwamba. Anachita kudzalidwa, ndipo munda wake unali mzinda uno.

Mu 1960 wailesi ya boma ya SABC inakhazikitsa Radio Bantu. Boma la tsankho linkafuna kuti mtundu uliwonse uzimva wailesi yake m'chilankhulo chake: Mzulu zake, Msotho zake, Mxhosa zake, mzungu zake. Nyimbo yosakaniza zilankhulo inkavutika kupeza malo, ndipo makampani ojambula nyimbo anatsatira mzere womwewo chifukwa ndi mmene munali ndalama. Woimba wakuda ankamukankhira ku mbaqanga, ku kwaya, ku soul. Rock inasungidwira ana a m'mayadi a kumpoto kwa mzinda. Komatu mpanda umenewu unkadumphidwa. Anyamata a ku Soweto a gulu la The Beaters, mmodzi mwa iwo Sipho "Hotstix" Mabuse pa ng'oma, anapita kukaimba ku Rhodesia pakati pa zaka za m'ma 1970, ndipo pobwerako anasintha dzina n'kukhala Harari, kutengera dera la anthu akuda mumzinda wa Salisbury, umene lero ndi Harare. Zimene ankaimba zinali rock yothiridwa ng'oma ndi mayimbidwe a kuno. Mu 1979 Johnny Clegg ndi Sipho Mchunu anatulutsa chimbale choyamba cha Juluka, mzungu ndi Mzulu pa nsanja imodzi, ndipo apolisi ankawasokonezera zoimbaimba. Tsono wonena kuti munthu wakuda sanagwirepo rock mu Joni akungobwereza zimene wailesi ija inkafuna kuti aliyense akhulupirire.

Ife Amalawi nkhani ya gitala ya mumzinda uno imatikhudza kuposa mmene timaganizira. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 m'migodi ya kuno munali Amalawi oposa 100,000, obwera pa Wenela. Pa 4 April 1974 ndege yowanyamula inagwa pafupi ndi Francistown, Amalawi 74 n'kufera pomwepo, ndipo Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu a m'migodi kwa zaka zingapo. Koma pofika nthawi imeneyo agogo athu anali atatuta kale magalamafoni, zimbale ndi magitala kupita nazo kumudzi. Kwela, nyimbo ya zitoliro ya m'misewu ya Joni, inakakhazikika ku Chileka m'manja mwa Daniel ndi Donald Kachamba, amene anaiphunzira ali ana ku Salisbury, ndipo anaisunga ngakhale pamene eni ake kuno anali ataisiya. Njira inalinso yobwerera. Ray Phiri wa Stimela, amene gitala yake inamveka dziko lonse m'chimbale cha Paul Simon cha 1986, anali mwana wa pabanja la Mmalawi wobwera kudzagwira ntchito. Erik Paliani anachoka kwathu n'kudzakonza chimbale cha Hugh Masekela cha 2009. Masauko Chipembere anakumana ndi Neo Muyanga kuno n'kupanga Blk Sonshine, ndipo amene anakhalapo ku Yeoville kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 amawakumbukira. Ndipo ngati wina akukayikabe zoti rock ingaimbidwe m'chilankhulo chathu, afunefune nyimbo za Paul Ngozi wa ku Zambia, amene m'ma 1970 ankakalipitsa gitala uku akudzudzula makhalidwe a m'tauni m'Chinyanja.

Ufulu utabwera mu 1994, mpanda wa malamulo unagwa koma wa m'makutu unatsala. Achinyamata a m'makomboni anatenga kwaito, wailesi ya YFM itatsegulidwa mu 1997 inakhala mawu awo, ndipo zikondwerero za rock monga Oppikoppi ku Limpopo zinkadzaza kwambiri ndi azungu. M'nyengo imeneyi ndi mmene Lindani Buthelezi ndi Mpumelelo Mcata, anyamata okulira limodzi ku East Rand, kum'mawa kwa Joni, anadziphunzitsa okha gitala n'kuyamba gulu cha mu 2000. Pambuyo pake anabwera Molefi Makananise pa besi ndi Tshepang Ramoba pa ng'oma, onse a ku Soweto. Anali anyamata anayi akuda oimba nyimbo imene wailesi za akuda zinkati si yawo, pomwe za azungu sizinkadziwa poiika.

Amene anayamba kuwamvetsa anali akunja. Mu 2008 nkhope zawo zinatuluka pachikuto cha magazini ya The Fader ku New York, kenako anasaina ndi kampani ya Secretly Canadian ya ku Bloomington, m'chigawo cha Indiana. Kumeneko ndi kumene anajambulira After Robots, wowongolera ntchito ali Brandon Curtis wa gulu la Secret Machines, malipenga akuomba a Hypnotic Brass Ensemble a ku Chicago. Chimbalecho chinatuluka mu September 2009.

Ndi chimbale chothithikana. Palibe mpata wopumira: magitala awiri akupiringizana, mawu a Buthelezi akukwera mpaka kupyapyala ngati akulira, malipenga akubowola pakati, ndipo pansi pa zonsezi Ramoba akumenya ng'oma zosalola phazi kupeza poponda mosavuta. Olemba nkhani a ku America anathamangira kuwafanizira ndi magulu a kwawo monga The Mars Volta ndi TV on the Radio, ndipo apa m'pamene ndimasiyana nawo. Iwo anamva magitala okha. Munthu amene anakulira pafupi ndi bwalo la gule amamva china: mmene mpanje imagwirira pansi pamene mbalule ikuyankhula zake pamwamba, iliyonse pa njira yake koma zonse zikukumana. Umo ndi mmene ng'oma ndi besi zimayendera m'nyimbo yotsegulira, Molalatladi. Chisokonezo chimene ena amadandaula nacho chili ndi dongosolo, kungoti dongosololo si la ku London.

Komabe sindibisa kuti chimbalechi chili ndi chilema. Pali malo amene amaunjika zinthu mpaka nyimbo yeniyeniyo kumira, ndipo umachita kumva kuti anyamatawa akufuna kuonetsa dziko lonse, tsiku limodzi, zonse zimene amatha. Ndimawamvetsa. Anali atauzidwa kwa zaka kuti malo awo kulibe, ndiye atapatsidwa situdiyo anafuna kuti wina aliyense asadzakayikenso. Nyimbo yotsekera, Tselane, yofatsa, ya gitala yopanda ukali, yochokera ku nthano imene ana a Asotho ndi Atswana amaidziwa, imasonyeza kuti akanatha kuchepetsa akanafuna. Sanafune.

Chaka chotsatira anafika pachimake. Anatulutsa kachimbale kakang'ono ka Zol!, ndipo pa 10 June 2010 anaimba ku Orlando Stadium ku Soweto pa chikondwerero chotsegulira World Cup, pa nsanja imene panalinso Alicia Keys, Hugh Masekela ndi Shakira. Ambiri mwa ife amene tinalipo kale m'dziko lino tinali tisanaiwale za May 2008, pamene chiwembu chochitira alendo chinayambira ku Alexandra n'kupha anthu 62. Kuona anyamata a m'makomboni akuimba ngati Africa yonse ndi yawo, pa tsiku limene dziko lino linkati likulandira alendo, kunali ndi tanthauzo lake kwa munthu wogona ndi pasipoti pansi pa pilo.

Kenako kunakhala zii. Buthelezi anachoka n'kukayamba zake. Otsalawo anabalalikira ku ntchito zina, Mcata mpaka anapanga filimu imene inaonetsedwa ku Berlin mu 2015, ngakhale gululo silinafe: mu December 2014 linatsegulira Foo Fighters pamene anabwera kudzaimba m'dziko lino. Analowa Tebogo Seitei ndi lipenga lake, ndipo mawu anayamba kugawana okhaokha. Anakonza situdiyo m'dzenje lokhalamo oimba m'munsi mwa nsanja ya Soweto Theatre ku Jabulani n'kujambuliramo chimbale chatsopano kwa nthawi yaitali. Ntchito ili pafupi kutha, mbava zinathyola n'kutenga zipangizo pamodzi ndi ma hard drive mmene munali nyimbozo. Aliyense wokhala mu Joni amadziwa kuwawa kwa kubwerera pakhomo n'kupeza chitseko chili pululu, koma apa chinapita ndi chinthu chosagulika pa shopu. Patapita nthawi analimba mtima n'kulowa mu Downtown Studios pakati pa tauni, situdiyo yakale imene munadutsa oimba ambiri otchuka a dziko lino, n'kujambulanso chimbale chonse m'masiku atatu. Chinatuluka mu May 2021 kudzera ku kampani ya Glitterbeat ya ku Ulaya, mliri wa Covid-19 utatseka malo oimbira, amapiano atalanda taxi iliyonse.

Mbiri imeneyi imamveka m'chimbalemo, ndipo wosaidziwa ndi amene amati n'chozizira. Masiku atatu sakupatsa mpata wounjika magitala khumi. Umaimba zimene zili m'manja ndi m'mutu, anzako akukuyang'ana. N'chifukwa chake Abantu / Before Humans chili ndi mpweya: besi ya Makananise imamveka bwinobwino, ng'oma zimakhazikika pa kayendedwe kamodzi n'kukazungulira mpaka thupi litavomera, ndipo lipenga silikubwera ngati mlendo wobwerekedwa ku Chicago, likuyankhula monga mwini nyumba. Pamene kale panali munthu mmodzi kutsogolo, tsopano pali kutsogolera ndi kuvomera, mawu a anthu angapo pamodzi, mayimbidwe amene aliyense wa ife anawamva kutchalitchi, pamaliro ndi paukwati. Ukali sunatheretu, pali nyimbo zina zothamanga ndi zokalipa, koma sukulamulira.

Alendo amene anawaitana akusonyezanso kumene nkhope inatembenukira. Pali Vieux Farka Touré wa ku Mali ndi gitala yake ya m'chipululu, pali Morena Leraba wa ku Lesotho amene amaimba motengera famo ya abusa ndi anthu a m'migodi, ndipo wa ku America ndi Money Mark, amene ankaimbira Beastie Boys kiyibodi. Nyimbo imene muli Morena Leraba dzina lake ndi Harare. Kwa Mmalawi wokwera basi pa Park Station, wodutsa pa Beitbridge usiku n'kukaona kuwala kwa Harare asanalowere ku Nyamapanda, Tete ndi Mwanza, nyimbo imeneyi imafika pamtima mosachita kupempha. Imandikumbutsanso The Beaters aja, amene anachita kupita kumzinda womwewo kuti akabwereko ndi dzina ndi mayimbidwe a kwawo.

Amene amakonda chimbale choyamba ali ndi mfundo imene sindingaikane. Mawu a Buthelezi palibe anawalowa m'malo. Munali mantha ndi kulimba mtima pamodzi m'mawu amenewo, ndipo gitala yake inkapita kumene sumayembekezera. M'chimbale chachiwiri mulibe mphindi imene imakudzidzimutsa ngati mmene zinkachitira nyimbo zoyambirira za After Robots, ndipo pali malo amene kayendedwe kamodzi kamatalika kuposa mmene kakanayenera. Ndikafuna kuonetsa munthu chimene anyamatawa anagwedeza nacho dziko, ndimatsegula cha 2009.

Koma sindivomera kuti chachiwiri ndi kubwerera m'mbuyo. After Robots chinkayankha funso limene Radio Bantu inasiya, lakuti kodi mwana wa ku Soweto angaimbe rock, ndipo chinayankha mokuwa chifukwa ofunsawo anali ambiri, akuda ndi azungu omwe. Pofika 2021 anthuwa anali akuluakulu, atabedwa, atasiyana ndi mnzawo, ndipo funso lija analibe nalonso ntchito. Sakupempha malo m'nyumba ya rock. Atenga gitala ija n'kuiika pakati pa ng'oma, lipenga ndi mawu a gulu, monga mmene a Kachamba anachitira ndi kwela ku Chileka, mpaka wofunsa kuti ndi ya ndani amasowa poyambira. Kwa ine ntchito yachiwiriyi ndi yovuta kuposa yoyamba, ngakhale siichititsa phokoso.

Kwa abale aja amene amati izi ndi za azungu, ndimawayambitsa ndi chimbale cha 2021, nyimbo ya Harare, chifukwa khutu lozolowera reggae ya ku Chileka limapeza msanga pogwira pa besi ndi pa mawu ovomerezana. Akazolowera ng'oma za Ramoba m'pamene ndimawabweza ku 2009, ndipo ndimawapempha kuti ulendo woyamba asatsatire magitala, atsatire ng'oma ndi besi kuyambira pa Molalatladi mpaka nyimbo yachitatu.