Maiwe a ku Domasi ndi mkangano wa nsomba zachilendo

Ukachoka mumzinda wa Zomba kulowera ku Liwonde, phiri lili kudzanja lamanzere, suyenda mtunda wautali usanafike pa Domasi. Ambiri amawadziwa malowa chifukwa cha koleji ya aphunzitsi. Koma kufupi ndi mtsinje wa Domasi, umene umatsika kuphiri kukathira m'nyanja ya Chilwa, kuli maiwe a boma amene akhala akuswetsa nsomba kuyambira nthawi imene dziko lino linkatchedwa Nyasaland. Lero malowa amatchedwa National Aquaculture Centre. Alimi amapitako kukagula mbewu ya nsomba, ophunzira amapitako kukaona ndi maso zimene amangomva m'kalasi.

Mlendo akaima m'mbali mwa dziwe loyamba, funso limabwera lokha. Dziko lokhala ndi nyanja ya Malawi, Malombe, Chilwa ndi Chiuta, kuphatikizapo mtsinje wa Shire, linafuniranji kukumba maiwe? Makolo athu ankaweta mbuzi, nkhuku ndi nkhunda, koma nsomba ayi. Nsomba inali ya m'mono, ya mbedza ndi ya khoka. Inkaswana yokha, ndipo ntchito ya munthu inali kukaipha basi.

Kuweta nsomba kunabwera ndi atsamunda, ndipo poyamba cholinga sichinali ndiwo zathu. Mu 1906 anabweretsa nsomba ya m'madzi ozizira yotchedwa trout n'kuiika mumtsinje wa Mulunguzi pamwamba pa phiri la Zomba. Pa nthawiyo Zomba linali likulu la boma, ndipo azungu a m'maofesi ankafuna kowedza mongosangalala akaweruka. Trout sipirira kutentha kwa kuchigwa, motero inatsalira kumapiri komweko, kutali ndi mphika wa munthu wa kumudzi.

Zinthu zinatembenuka m'zaka za m'ma 1950. Kumpoto, ku Nchenachena m'boma la Rumphi, kunakumbidwa maiwe oyesera nsomba za konkuno, ndipo mu 1957 boma linatsegula malo a ku Domasi kuti aziswetsa nsomba ndi kugawira alimi. Nsomba zimene anayamba nazo ndi ziwiri zimene mlimi aliyense wa damu amazidziwa mpaka lero: makumba ndi chilunguni. Kenako kunawonjezeka mlamba, ndiponso chambo chenicheni cha kunyanja.

Amene akufuna kumvetsa ntchito ya pamalo otere apite m'mawa, dzuwa lisanakwere, nthawi yotentha pamene nsomba zikuswana. Madzi a m'dziwe labwino sakhala oyera ngati a pamjigo. Amakhala obiriwira chifukwa cha manyowa, ndipo kubiriwirako ndiye chakudya cha tiana. M'kati mwa maiwe ena mumamangidwa timaukonde ta maso ang'onoang'ono, tooneka ngati neti ya udzudzu yogadamitsa, momwe amasungiramo nsomba zazimuna ndi zazikazi zosankhidwa. Wogwira ntchito amalowa m'madzi mpaka m'chiuno, n'kugwira makumba aakazi mmodzimmodzi. Akaona wotupa kukhosi, amam'tsegula pakamwa mofatsa ndi chala, n'kum'viika m'beseni la madzi. Timazira tachikasu, tating'ono ngati njere za mapira, timakhuthukira m'besenimo. Nthawi zina mumatuluka tiana toswedwa kale, tamaso akuda, tikugwedeza michira. Makumba ndi chambo amafungatira mazira m'kamwa, ndipo mayiyo amakhala osadya masiku onse amene wanyamula anawo. Munthu ukaona zimenezi kamodzi, umamvetsa chifukwa chake khoka limaletsedwa panyanja ya Malawi m'miyezi ya Novembala ndi Disembala. Khoka likakokera pamtunda chambo chimodzi chofungatira, lapha ndi ana omwe.

Chilunguni ndi china. Icho chimaikira mazira m'chisa pansi, ndipo bambo ndi mayi amalondera limodzi. Chimadyanso masamba, ndiye mlimi amachiponyera masamba a mbatata ndi zotsala za kudimba. Mlamba ndiye wovuta. M'chilengedwe umadikira mvula kuti usefukire m'madambo ndi kukaswana muudzu, choncho m'dziwe suswana wamba. Kuti uikire mazira, waukazi amaubaya jakisoni, kenako amaufinya pamimba mazira n'kugwera m'mbale. Tiana ta mlamba timadyananso tokhatokha ngati sanatisiyanitse msinkhu.

Mkangano unayambira pa makumba. Nsomba imeneyi ndi yopirira, koma ili ndi khalidwe lokhumudwitsa mlimi: imayamba kuswana ikadali yaing'ono. Pakapita miyezi ingapo dziwe limadzaza ndi tinsomba tambirimbiri tolimbirana madeya omwewo, ndipo tsiku lokolola mlimi amavuula zosaposa chikhatho. Akatswiri anayang'ana kunja, ndipo mu 1976 nsomba yotchedwa carp inafika kuchokera ku Israel. Inakula msanga, inadya madeya ndi zina zopezeka pakhomo, ndipo alimi a kumwera amene anailandira anaikonda kwambiri.

Chikondicho sichinakhalitse. Carp imadya pofukula matope pansi ndi kuvundula madzi, pamene chambo chachimuna chimakumba chisa chooneka ngati mbale pamchenga, n'kumadikira chachikazi m'madzi oyera. Akatswiri anaopa kuti dziwe limodzi likangophulika nthawi ya dzinja, carp ilowa mumtsinje, ndipo mtsinje uipereka kunyanja. Anali ataona kale zimene zinachitika kunyanja ya Victoria, kumene nsomba yolusa ya Nile perch, yoikidwamo m'zaka za m'ma 1950, inathandiza kufafaniza mitundu yambirimbiri ya tinsomba ta m'nyanjamo. Nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko, ndipo yambiri sipezeka kwina kulikonse. N'chifukwa chake dera la ku Cape Maclear linasandutsidwa malo otetezedwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaliika pamndandanda wa chuma cha dziko lonse. Mu 1992 boma linaletsa carp.

Ine ndimaona kuti boma linachita bwino. Komabe mlimi amene anadandaula sanalakwe. Iye analandidwa nsomba imene inkam'patsa ndalama, n'kubwezeredwa makumba omwe aja. Kuyambira pamenepo Domasi anasenza ngongole: kuonetsa kuti nsomba za konkuno zingathe kudyetsa banja ndi kulipirira mwana sukulu.

Mbali ina ya ngongoleyo inabwezedwa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, bungwe lofufuza za nsomba la ICLARM, limene lero limatchedwa WorldFish, linayamba kugwira ntchito ku Domasi mothandizidwa ndi dziko la Germany. Nzeru yawo inali yosafuna ndalama zambiri. Dziwe likhale pakati pa zonse za pakhomo: madeya ndi zitosi za nkhuku zilowe m'madzi, madzi athirire masamba m'chilimwe, ndipo matope a pansi akakokolodwa apite kudimba ngati manyowa. Alimi a ku Zomba, Machinga ndi Mulanje ankabwera kudzaona okha, n'kusankha zimene angakwanitse kwawo. Pambuyo pake a ku Japan, kudzera m'bungwe la JICA, anathandiza kufufuza kaswetsedwe ndi kadyetsedwe ka nsomba za konkuno.

Nyanja ya Chilwa nayo inapereka phunziro lake. Nyanjayi ndi yosaya ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndiye mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa. Itauma mu 1968, boma linayesa kuswetsa makumba a ku Chilwa m'maiwe a ku Domasi kuti akabwezeretsedwe madzi akabwerera. Zinaoneka kuti maiwe ochepa sangadzaze nyanja. Zimene zinabwezeretsa matemba, makumba ndi milamba kwenikweni ndi nsomba zimene zinabisala m'maiwe achilengedwe a m'mitsinje yothira m'nyanjamo. Choncho itaumanso mu 1995, mphamvu zinapita kwina: mafumu ndi asodzi anagwirizana ndi boma kulondera malo obisalamo nsombawo m'mitsinje monga Domasi, Likangala ndi Phalombe, ndi kuletsa kupha nsomba ndi katupe, chomera cha poizoni chimene amathira m'madzi. Madzi atabwerera, nsomba zinabwereranso. Mu 2018 nyanjayi inaphwanso kwambiri, mabwato n'kutsala pamatope ong'ambika.

Pamene izi zinkachitika, chambo chinali chikutha kunyanja zina. Ku Malombe, kumene kale kunali chambo chochuluka, chinasowa pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chifukwa cha makoka a maso ang'onoang'ono amene ankakokolola ana ndi kusalaza zisa. Kumeneko ndiye kunayambira makomiti a m'madoko mu 1993, kuti asodzi eni ake azitengako mbali posunga malamulo. Mu 2018 bungwe la IUCN, loona za kasungidwe ka chilengedwe padziko lonse, linaika chambo m'gulu la zamoyo zimene zili pangozi yaikulu yotheratu. Nsomba imene timatchulira dziko lathu, imene tinatcha nayo ngakhale makope a ana asukulu, lero banja wamba limaidya mwa apo ndi apo.

Mkangano wa carp uja sunafe, wangosintha dzina. Tsopano ukunena za nsomba ina yachilendo yotchedwa Nile tilapia. Anzathu a ku Zambia amaiweta m'zikwere panyanja ya Kariba, cha ku Siavonga, ndipo imakula msanga kuposa makumba. Alimi ena akuno amafunsa chifukwa chimene amaletsedwera nsomba imene oyandikana nawo akulemera nayo. Funsolo ndi lomveka. Koma Nile tilapia ndi mbale wake wa makumba ndi chambo, ndipo kumene yalowa imalanda malo a abale akewo kapena kuswana nawo mpaka mtundu weniweni kusokonekera. Ikangolowa m'nyanja ya Malawi palibe khoka limene lingaichotsemo. Pamenepa ine sindigwedezeka. Chimene ndimalakalaka n'choti ntchito yosankha makumba okula msanga, mbadwo ndi mbadwo, ipatsidwe ndalama zokwanira ndi anthu okwanira, komanso kuti mbewu yabwino izipezeka pafupi. Mlimi wa ku Mchinji kapena ku Chitipa akasowa kogula, amakatapa tiana m'dziwe la mnzake, ndipo nthawi zambiri zimene watapazo si tiana ayi, koma nsomba zokalamba zopinimbira zimene sizidzakulanso.

Ndi chifukwa chake ogula mbewu amalawirira. Tiana timasiyidwa osadya tsiku lathunthu kuti tisaipitse madzi panjira, kenako timawerengedwa n'kuikidwa m'thumba la pulasitiki lokhala ndi madzi pang'ono ndi mpweya wambiri, kukamwa kwake n'kumangidwa ndi mphira. Mlimi amaika thumbalo m'dengu, amafunditsa chitenje chonyowa, n'kukwera minibasi kapena kabaza dzuwa lisanapse. Akafika kwawo satsanulira nthawi yomweyo. Amayandamitsa thumbalo padziwe kwa kanthawi kuti madzi a m'kati afanane ndi a kunja, kenako amamasula mphira n'kupendeketsa pang'ono, ndipo tinsombato timatuluka tokha n'kusowa m'madzi obiriwira aja.