Kulondola Mzere wa Maselo M'thupi la Mbewa

Khungu la m'kati mwa matumbo limayoyoka n'kumeranso pa masiku 3 mpaka 5 alionse. Maselo atsopanowo amabadwa kwa selo liti, nanga akabadwa amakakhala pati? Zimenezi sitingaziyese pa munthu, choncho asayansi amagwiritsa ntchito mbewa zoweta m'labotale, osati zakutchire zokumba m'minda zija.

Chinsinsi chake ndi kudinda selo chidindo cha mu DNA, choti ana ndi zidzukulu zake zitengere. Pamafunika mbewa ziwiri. Yoyamba imakhala ndi jini (kachigawo ka DNA konyamula malangizo) ya CreERT2, yopanga puloteni yodula DNA imene imagona mpaka itakumana ndi mankhwala a tamoxifen. Yachiwiri imakhala ndi jini yopanga utoto, monga tdTomato wofiira, koma yotsekedwa ndi kachidutswa ka DNA kokhala pakati pa zizindikiro ziwiri za loxP, pomwe puloteni ija imadula. Mbewazi zikaswana, amasankha ana amene atengera majini onse awiri, poyeza kanyama kodula kukhutu. Akakula amawabaya tamoxifen wosungunula m'mafuta a chimanga. Puloteni ija imadzuka, imachotsa chotsekacho, ndipo selo limafiira mpaka kalekale pamodzi ndi mbewu yake yonse.

Luso lagona pa mlingo. Mamiligalamu 75 mpaka 100 pa kilogalamu ya thupi, kwa masiku angapo, amadinda maselo ambirimbiri. Wofuna kulondola banja la selo limodzi amabaya kamodzi, mlingo wochepa kwambiri, kuti odindidwa atalikirane. Akathithikana, mabanja awiri amalumikizana n'kuoneka ngati limodzi, ndipo chiwerengero chonse chimasokonekera.

Mu 2007 Nick Barker ndi Hans Clevers ku Utrecht anadinda ndi utoto wabuluu maselo amene jini yotchedwa Lgr5 imagwira ntchito mwa iwo, okhala pansi pa timaenje ta m'matumbo. Patatha tsiku limodzi panaoneka timadontho tabuluu. Pa masiku 5 timadonthoto tinasanduka mizere yokwera mpaka pamwamba, ndipo pa masiku 60 mizereyo inalipobe. Uwu unali umboni woti maselowo ndiwo makolo a khungu lonselo. Mu 2010 gulu lomweli linagwiritsa ntchito mbewa ya Confetti, ya mitundu inayi ya utoto, ndipo linaona kuti pakapita miyezi kadzenje kalikonse kamatsala ndi mtundu umodzi: banja limodzi lakankha anzake.

Pokonza chiwalo choti achione pa maikulosikopu, amachiviika m'mankhwala olimbitsa maselo otchedwa paraformaldehyde, a 4 peresenti, kenako m'madzi a shuga wa 30 peresenti kuti ayezi asang'ambe maselo. Amachiumitsa pochiziziritsa n'kuchisenga pa madigiri 20 pansi pa ziro, timagawo ta mamaikulomita 10 (milimita imodzi ili ndi mamaikulomita 1,000). Kagawo kamodzi kamadula banja pakati, choncho timagawo totsatizana tiziwerengedwa pamodzi. Pakhalenso mbewa yosabayidwa yoyerekezera, chifukwa nthawi zina CreERT2 imadula yokha popanda mankhwala. Wosiya sitepe imeneyi zotsatira zake sizodalirika.

Utoto uli ndi malire, mitundu yake ndi yochepa. Njira za CRISPR, chida chodulira DNA pamalo osankhidwa, zimalemba zipsera pa kachigawo ka DNA maselo akamagawikana, ndipo zipsera zofanana zimaulula ubale wa maselo zikwizikwi. Vuto n'lakuti powerenga amaphwanya chiwalo, malo n'kutayika. Zili ngati kudziwa mzere wonse wa mbumba koma osadziwa amene ali ku Malindi, ku Makanjira kapena ku Monkey Bay. Pothana nazo amagoneka kagawo pa galasi la timadontho tokhala ndi manambala, RNA iliyonse (uthenga wokopedwa ku DNA, momwe zipsera zija zimawerengekanso) n'kutenga nambala ya malo ake. Komabe kadontho ka mamaikulomita 55 kamaphimba maselo angapo, ndiye mabanja amasakanikiranso. Kudula kwakukulu kumafufutanso zipsera zakale, ndipo RNA imaonongeka msanga chiwalo chikachedwa kuumitsidwa.

Kwa ife a kunyanja nkhaniyi si yakutali. Likodzo losachizidwa lingayambitse khansa ya chikhodzodzo, ndipo pa khansa iliyonse madokotala amafuna kudziwa banja la maselo limene limachoka pa chotupa n'kufalikira, komanso ngati limayambira m'mphepete kapena pakati. Mbewa imalozera poyambira, koma chimene chapezeka mwa iyo chimayenera kutsimikizidwa pa zotupa zochotsedwa mwa odwala chisanakhudze chithandizo.