Kafukufuku wa ma stem cell salipirira kupha makanda

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva, ngakhale kuno ku Nkhotakota, zoti ndalama zothandizira kafukufuku wa ma stem cell (maselo omwe amatha kusanduka mitundu ina ya maselo a m'thupi) pa matenda a ubongo wa ana zimalipirira kupha makanda. Zimenezi si zoona. Maselowa amapezeka m'mafuta a m'mafupa ndi m'magazi a mumchombo mwana akangobadwa, ndipo kuyambira 2007 akatswiri amathanso kuwapanga kuchokera ku khungu la munthu wamkulu.

Mtsutso weniweni, umene ndi woyenera kuumvetsera, uli pa miluza ya masiku pafupifupi asanu yotsala pa chithandizo cha osabereka, yomwe eni ake amaipereka atavomera kuti akatswiri atengemo maselowa. Mukamva za kafukufuku wotere, funsani dokotala ngati komiti yoteteza ufulu wa odwala inamuvomereza, ndipo musatumize nkhaniyo kwa anzanu pa foni musanaitsimikize.