Mmene Ceres Inapezekera ku Palermo, N'kusowa, N'kupezekanso

Ceres ndi kapulaneti kakang'ono kozungulira dzuwa, kamene kanapezeka koyamba ku Palermo. Malo oonera zakuthambo a ku Palermo, pachilumba cha Sicily ku Italy, anakhazikitsidwa mu 1790 pamwamba pa nyumba yachifumu yakale yotchedwa Palazzo dei Normanni. Amene anawayambitsa anali wansembe wa Chikatolika, Giuseppe Piazzi, yemwe anachita kupita ku London kukapangitsa kwa mmisiri Jesse Ramsden chipangizo choyezera molondola pamene nyenyezi iliyonse ili.

Piazzi sankafunafuna pulaneti ayi. Ntchito yake inali yolemba kaundula wa nyenyezi, ntchito yotopetsa yobwereza muyeso womwewo usiku ndi usiku, koma kubwerezako n'kumene kunam'pindulira. Pa 1 Januwale 1801 analemba kanyenyezi kena kosawala kwenikweni, ndipo atakayezanso mawa lake anapeza kuti kasuntha. Anakalondola mpaka pa 11 Febuluwale, pamene matenda anamudukiza. M'makalata amene anatumiza kwa akatswiri anzake a zakuthambo, Johann Bode ku Berlin ndi Barnaba Oriani ku Milan, anakatchula kuti nyenyezi yamchira, ngakhale kuti kwa Oriani anaulula kuti akukayikira, popeza kanalibe nkhungu imene imazungulira nyenyezi zoterozo.

Pamene miyeso yake inkafalitsidwa, n'kuti chinthucho chitabisika kale m'kuwala kwa dzuwa, ndipo ena anamudandaula kuti anachedwa nayo. Amene anapulumutsa zinthu anali Carl Friedrich Gauss, mnyamata wa zaka 24, yemwe ndi masamu okha anawerengera njira yonse ya chinthucho kuchokera pa miyeso ya milungu isanu ndi umodzi yokha. Potsatira masamuwo, katswiri wina wa zakuthambo, Franz von Zach, anachionanso mu Disembala chaka chomwecho.

Dzina nalo linavuta. Piazzi anachitcha Cerere Ferdinandea, pophatikiza Ceres, mulungu wamkazi wa zokolola wa Aroma, ndi Mfumu Ferdinand ya ku Sicily imene inkamuthandiza, koma akatswiri a m'mayiko ena anakana kuti dzina la mfumu likhale kumwamba, choncho linatsala la Ceres.

Heinrich Olbers atapeza chinthu china chofanana ndi Ceres chotchedwa Pallas mu 1802, katswiri wa zakuthambo William Herschel anati zinthu ziwirizi n'zazing'ono kwambiri kuti zikhale mapulaneti, ndipo anazipatsa dzina la asteroid, kutanthauza chooneka ngati nyenyezi. Komabe Ceres inakhalabe m'mabuku ngati pulaneti kwa zaka pafupifupi 50 isanatsitsidwe. Mu 2006 bungwe la International Astronomical Union linaiika m'gulu la mapulaneti aang'ono, limodzi ndi Pluto.