Thanki ya biogas ndi mimba, si dzala

Munthu akandiitana kuti thanki yake ya biogas, yopangira gasi wophikira kuchokera ku ndowe ndi zotsala za chakudya, yasiya kutulutsa gasi, sindithamangira kuyang'ana mapaipi. Ndimayamba ndamufunsa kuti wakhala akuidyetsa chiyani.

Ambiri amadabwa ndi funsoli, koma m'thankimo muli zamoyo. Ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, tofanana ndi tomwe timakhala m'mimba mwa ng'ombe, ndipo timagwira ntchito pamalo pomwe mpweya wa okosijeni sulowa. Gulu loyamba limaphwanya ndowe ndi zotsala za chakudya n'kuzisandutsa asidi. Gulu lina limadya asidiyo n'kutulutsa methane, yemwe ndi gasi amene amayaka pachitofu. Methane amakhala pakati pa 50 ndi 70 peresenti ya gasi yense, ndipo wotsalayo kwambiri ndi carbon dioxide.

Gulu lopanga methane ndiye lovuta. Limachulukana pang'onopang'ono, komanso silichedwa kufooka. Mukakhuthulira zotsala za chakudya zambiri tsiku limodzi, gulu loyamba lija limapanga asidi woposa amene anzake angathe kumudya. Zam'kati zimasasa, gasi amachepa, moto umayamba kuzimazima. Apa mpamene eni ake amalakwitsa: poona kuti gasi wachepa, amaganiza kuti thanki ili ndi njala, n'kuwonjezera chakudya. Kumeneko n'kuipheratu. Choyenera n'kuleka kuidyetsa kwa masiku angapo, kenako n'kuyambiranso pang'onopang'ono ndi ndowe zatsopano za ng'ombe zosungunula ndi madzi a mlingo wofanana, chifukwa ndowezo zimabwera ndi tizilombo tina tamoyo.

Sopo wambiri, mankhwala ophera majeremusi ndi ndowe za ziweto zomwe zikulandira maantibayotiki zimafooketsanso tizilomboti. Kuzizira nako tizilomboti sitigwirizana nako. Timasangalala kukatentha pafupifupi madigiri 35. Za mapulasitiki ndi mchenga sindichita kunena, zimangodzaza malo.

Nanga bwanji osangotaya zinyalalazo kudzala? Zikaunjikana n'kumawola, methane amatulukabe, koma amangopita mumlengalenga. Pa zaka 100, methane amasunga kutentha kuwirikiza pafupifupi ka 28 poyerekeza ndi carbon dioxide wolemera mofanana. Mukamuwotcha pachitofu mwaphikira, nkhuni zapulumuka.

Ine chimene chimandipweteka n'kuona phala lotuluka kumapeto kwa thanki likungoyenderera pansi. Nayitirojeni yemwe anali m'ndowe uja amakhala akadali momwemo, ndipo mbewu zimamuyamwa mosavuta kusiyana ndi wa m'ndowe zaziwisi. Kumbani dzenje lolandirira phalalo, muliphimbe kuti dzuwa lisaliwumitse, ndipo mukalithira m'munda mulikwirire msanga.