Kulosera ma playoffs a NBA: zimene ndimayang'ana ndisanatchule timu

April akafika, anzanga amene amadziwa kuti ndimadyera ziwerengero za masewero amayamba kundivutitsa ndi funso limodzi: chikho cha NBA atenga ndani chaka chino? Akandifunsa za matimu awiri amene akukumana, ndimayankha molimba mtima. Za chikho ndimayankha mokayikira, ndipo chifukwa chake ndi masamu.

NBA, ligi yaikulu ya basketball ku America, ili ndi matimu 30, ndipo iliyonse imasewera magemu 82 mu ligi. Matimu 16 ndi amene amalowa ma playoffs, mpikisano wochotsana wolimbirana chikho ligi ikatha, 8 a chigawo chakum'mawa ndi 8 a kumadzulo. Kuno sakumana kamodzi ngati m'zikho za mpira wamiyendo, momwe timu yofooka imatha kugoletsa chimodzi n'kutseka kumbuyo mpaka wezulo yomaliza. Matimu awiri amalimbana mpaka ina itapambana magemu anayi, kotero atha kukumana kasanu ndi kawiri. Mwayi wa tsiku limodzi sukufikitsa patali.

Tiyerekeze timu yoti ikakumana ndi inzake kakhumi, imapambana kasanu ndi kamodzi. Pa gemu imodzi mwayi wake ndi 60 pa 100. Pa mpikisano wa magemu asanu ndi awiri, mwayiwo umakwera kufika 71 pa 100. Mpake kuti timu yabwino imadutsa kawirikawiri. Koma chikho chimafuna kudutsa ndime zinayi, ndipo mwayi wa 71 pa 100 ukabwerezedwa kanayi umatsika kufika pafupifupi 25 pa 100. Ndiye kuti timu yoposa aliyense amene ikukumana naye imatha kulephera katatu pa kanayi. Munthu akakuuzani mu April kuti chikho chatengedwa kale, ameneyo akungocheza.

Poyesa mphamvu za timu sindithamangira kuwerenga magemu amene yapambana. Ndimaona kusiyana kwa mapointi amene imagoletsa ndi amene imagoletsedwa. Timu yopambana magemu ambiri ndi pointi imodzi kapena awiri nthawi zambiri yangoyenda ndi mwayi, pamene yopambana ndi mapointi khumi usiku ndi usiku ili ndi mphamvu zenizeni. Kenako ndimaona osewera asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu oyambirira okha, chifukwa ma playoffs akayamba makochi amaiwala benchi, ndipo akatswiri amasewera mphindi 40 kapena kuposa pa mphindi 48. Bwalo lakwawo limathandizanso: timu yomwe inachita bwino mu ligi ndi imene imalandira gemu yachisanu ndi chiwiri.

Chomwe ziwerengero zimabisa ndi chakuti matimu ena amangosemphana magazi. Mu 2007 Dallas Mavericks inapambana magemu 67, n'kukumana ndi Golden State Warriors yomwe inalowa pa nambala 8. Kochi wa Warriors, Don Nelson, anali ataphunzitsapo Dallas ndipo ankamudziwa katswiri wa timuyo, Dirk Nowitzki, mkati ndi kunja. Anamuikira osewera afupiafupi koma achangu, omukanikiza asanagwire n'komwe mpira, ndipo Dallas inatuluka 4-2.

Koma mdani wamkulu wa wolosera ndi kuvulala. Mu 2012 Chicago Bulls inali nambala 1 kum'mawa. Gemu yoyamba yolimbana ndi Philadelphia, kutatsala mphindi zosakwana ziwiri, Bulls ikutsogola kale ndi mapointi 12, katswiri wake Derrick Rose anadumpha n'kugwa atagwira bondo. Mtsempha unali utaduka. Bulls inatuluka ndime yomweyo. Mu 2019 Kevin Durant ndi Klay Thompson a Warriors anavulala m'magemu awiri otsatizana a ndime yomaliza, chikho n'kupita ku Toronto. Mu 2025 Tyrese Haliburton wa Indiana Pacers anaduka mtsempha wa kuchidendene koyambirira kwa gemu yachisanu ndi chiwiri, Oklahoma City Thunder n'kutenga chikho. Palibe kompyuta imene inaziona zimenezi.

Nthawi zina n'zongoseketsa. Houston Rockets mu 2018, gemu yachisanu ndi chiwiri pakwawo, inaphonya mipira 27 yotsatizana yoponyera patali, ya mapointi atatu ija. Ndipo ine 2016 sindidzaiwala. Warriors inali itapambana magemu 73 pa 82, zomwe sizinachitikepo, ndipo inatsogola Cleveland 3-1. Ndinauza aliyense kuti zatha. Draymond Green wa Warriors analetsedwa kusewera gemu yachisanu, LeBron James ndi Kyrie Irving a Cleveland anagoletsa mapointi 41 aliyense usiku umenewo, ndipo gemu yomaliza, yomwe ndinadzukira pakati pa usiku, Cleveland inapambana 93-89.

Pali ulosi umodzi wokha umene ndimaupereka mosaphethira. Timu ikatsogola 3-0, yadutsa, chifukwa m'mbiri ya NBA palibe imene inabwererako kuchokera m'dzenje limenelo. Boston Celtics inatsala pang'ono mu 2023: inapambana magemu atatu otsatizana n'kufanana ndi Miami Heat 3-3, kenako n'kugonja pabwalo lake lomwe, 103-84.